Mpando wa Mlombwa Umene Ndinausenza

Maina a malo amene ndinadutsamo musandifunse. Kale ndinkawadziwa onse, ngakhale a malo amene sindinapondeko, pakuti zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinakhala patebulo la positi ofesi ndikusankha makalata. Kalata ikangofika m'manja mwanga, dzanja linkadziwa lokha kabokosi kake. Koma maina aja anatha m'mutu mwanga limodzilimodzi, monga zimathera nkhuku m'khola mukalowa chitopa.

Patebulo lija tinkakhala awiri, ine ndi Anachisale. Iwo ankamenya chidindo, ine ndinkaponya makalata m'timabokosi. Du, du, du, tsiku lonse. Pa kulira kwa chidindocho tinapeka nyimbo yathu ya ndime zitatu, imene simungaipeze m'buku la nyimbo la mpingo uliwonse. Ine ndinkaimba mawu apamwamba, iwo apansi. Tinapanganso pangano. Anayambitsa ndi iwo, akusisita mawondo awo pansi pa tebulo.

"Amnzanga, miyendoyi yakhala m'ndende mokwanira. Tikadzapuma, wina azidzagogoda kwa mnzake m'mawa uliwonse. Tizidzayenda mpaka kutchalitchi kumapemphero, n'kubwerera."

"Nanga mvula ikamagwa?"

"Kodi ndinu mchere?"

Anayamba kupuma ndi iwo. Kwathu munthu akapuma pa ntchito amapatsidwa mpando wa mlombwa, wolemera, wa poika manja ndi potsamira, dzina lake litasemedwa kumbuyo. Mpandowo amauika pakhonde kuti odutsa aziona kuti nyumba ino ili ndi munthu amene anagwira ntchito mpaka kumapeto. Kuyambira tsiku limenelo ana amamulanda tsache, khasu amalibisa, ndowa amaithawitsa. Akangoti adzuke, wina amathamanga: "Khalani, amayi, yanu munagwira." Ndi chikondi chimenecho, sindikukana.

Ine ndinatsala patebulo zaka zina ziwiri, ndikungotumiza moni. M'mawa woyamba nditapuma ndinapita kukagogoda. Ndinawapeza pakhonde, m'mpando mwawo, miyendo itatupa ngati misi. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi matumba a kumpoto afika?" anafunsa.

"Anachisale, ndi ine. Ntchito ija tinapuma."

Pamenepo china chake chinayaka m'maso mwawo. Anandigwira pamkono mwamphamvu.

"Mwabwera kudzanditenga?"

Ndinayang'ana miyendo ija, ndinayang'ana malovu amene anauma pambali pa mlomo wawo. Sindinaone mnzanga. Ndinadziona ndekha zaka ziwiri zikubwerazo.

"Mawa," ndinatero. "Ndibwera mawa."

Tchimo langa ndi limeneli, ndipo ndalinena poyamba kuti muzilidziwa pamene tikuyenda.

Sindinapite. Ndinakhala m'mpando wanga pakhonde langa, mwana wanga Felesiya akundibweretsera madzi ndisanamve ludzu. Ndi m'miyezi imeneyo mmene maina a malo anayamba kundithawa. Tsiku lina ndinati ndiimbe nyimbo yathu, ndinapeza kuti ndatsala ndi maimbidwe okha, mawu onse apita. Kuchipatala namwino anandimanga lamba pamkono, napukusa mutu.

"Magazi akuthamanga, amayi, ndipo shuga waima pakhomo. Mapiritsi ndikupatsani, muzimwa. Koma mankhwala aakulu mwabwera nawo nokha." Analoza miyendo yanga. "Muziyenda tsiku lililonse mpaka kathukuta katuluke. Ndipo muziyenda ndi munthu. Mutu nawo umafuna wocheza naye."

Mawu oyamba ndinawatenga. Achiwiriwo ndinawasiya pabenchi pomwepo, chifukwa anali ndi nkhope ya Anachisale.

Felesiya atandiona ndikumanga nsapato anaima pakhomo.

"Amayi, anthu adzati chiyani? Adzati Felesiya akuthamangitsa mayi ake. Nanga mpandowu? Anzanu akadutsa n'kuupeza uli wokha adzati mwanyoza mphatso yawo."

"Ndiye ndipita nawo."

Ndinapinda chitenje n'kupanga nkhata, ndinausenza. Ndinakumbukira munthu uja wa m'Malemba amene anagona zaka zambiri pafupi ndi thamanda, mpaka anauzidwa kuti anyamule mphasa yake ayende. Ndinati ndingofika pamphambano. Koma njira yobwerera inkadutsa pakhomo pa Anachisale, ndiye pamphambanopo ndinapitirira.

Malo oyamba amene ndikukumbuka ndi dambo la oumba njerwa. Utsi wa uvuni unkakwawa pansi ngati nkhungu. Mwini ntchito anali bambo Zuze, munthu wamfupi, matope mpaka m'mawondo.

"Tulani, mayi, mukhale," anatero. "Kapena mukugulitsa?"

"Sindikugulitsa, ndipo sindikhala."

"Nanga mpandowo ndi wa chiyani? Ndi ambulera?"

Anthu ake anaseka. Ndinawauza kuti ndikufunafuna thukuta.

"Thukuta ndiye tili nalo lambiri kuno, timangolitaya. Vulani nsapato."

Anandilowetsa m'dzenje la dothi lonyowa. Phazi linkamira mpaka m'katumba, polizula linkalira ngati mwana wa ng'ombe akuyamwa. Ndinkaponda pamalo amodzi, bambo Zuze anandidzudzula.

"Zungulirani, mayi. Dothi losapondedwa limanama. Pamwamba limaoneka lofewa, m'kati muli mibulu. Chikombole chimalilandira, koma moto sulilandira. Njerwa yake imaphulika mu uvuni."

Masiku oyamba ntchafu zanga zinkayaka, ndipo ndinkapempha Mulungu kuti kusache. Kenaka ululu uja unasamuka, tulo tinabwera, chakudya chinayamba kukoma. Ndinkaganiza za Woumba wamkulu amene anatitenga m'dothi lomweli, ndipo ndinkati mwina nayenso sakondwa dothi lake likangokhala. M'mawa wina, ndikuzungulira m'dzenjemo, phazi lamanja kenaka lamanzere, mawu anatuluka okha m'kamwa mwanga:

Kwacha, Mbuye, mame agwa,
njira yanu yanyowa;
pomwe phazi langa liponda,
ndinu munayambapo.

"Yokoma," anatero bambo Zuze. "Ili ndi ndime zingati?"

"Zitatu."

"Nanga zinazo?"

"Zili ndi mnzanga."

"Mnzanuyo ali kuti?"

"Ndipitako mawa."

Mvula itayamba ntchito ya njerwa inatsekedwa. Ndinasenza mpando wanga. Kumudzi kunali kumadzulo, ine ndinalowera kum'mawa. Mtima sunkandilola kukhala, komanso sunkandilola kubwerera.

Sindidziwa kuti ndinayenda miyezi ingati. Ndinafika m'tauni ina ya msewu umodzi wautali. Khonde lililonse linali ndi mpando, ndipo pampando uliwonse panali munthu, onse atayang'ana kumsewu umene sunkadutsa kanthu. Mawailesi ankanong'ona. Bambo wina wa tayi, amene anati anali mphunzitsi wamkulu, anandikodola.

"Tulani, mayi, mukhale. Malo alipo. Munapuma liti?"

"Sindikukumbuka bwino."

"Ndiye ndinu wathu. Ife tinayenda yathu, tsopano ayende ena."

Khosi linali litawawa. Ndinati nditule pang'ono chabe. Ndinakhala, ndipo kukoma kwake ndikuopa kukuuzani. Msana unasungunuka, zikope zinalemera, mawu a Anachisale amene ankanditsata m'njira monse anayamba kumveka patali.

Nditatsegula maso dzuwa linali pamalo omwewo, koma udzu unali utamera kuzungulira miyendo ya mpando wanga, ndipo chiswe chinali chitayamba kumata dothi pamwendo umodzi. Mpando wa bambo uja unali wopanda munthu, tayi ili lende poika manja.

"Apita kuti aphunzitsi?" ndinafunsa mayi wa khonde loyandikana.

"Anawanyamula dzulo," anatero osatembenuka. "Kapena chaka chatha."

Ndinayesa kudzuka, mawondo anakana. Ndinayesanso, ndikuitana dzina la Ambuye mokweza ngati munthu womira. Kachitatu ndinaimirira. Mpando ndinachita kuuzula, unatuluka ndi mizu ya udzu. Ndinayesa kuimba ndime ija ya kudambo kuti ndione ngati ilipo. Inalipo, koma inkatsimphina.

Kenaka panali mapiri a tiyi, obiriwira mpaka kumitambo. Kumeneko mayi Namalomba, wothyola tiyi wa mano awiri, anandipatsa dengu la kumsana, nandiphunzitsa kuthyola masamba awiri ndi kansonga kake. Pokwera phiri ndinkathamanga ngati wina akundipirikitsa, n'kumagwa ndi befu pakati pa mizere.

"Mukuthawa ndani, achemwali?" anandifunsa. "Phiri silikweredwa ndi ukali. Muziimba pokwera. Nyimbo ikaduka, mwathamanga. Ikamatuluka mosavuta ngati muli m'kwaya, mwachita ulesi. Muziyenda pakati pamenepo."

Ndinayenda pakati pamenepo nyengo yonse yothyola, dengu kumsana, ndipo madzulo ndinkatsika ndi mpando pamutu. Lamba wa pachipatala cha pamenepo anati magazi afatsa. Maina ena a malo anabwerera, aliyense ndi kabokosi kake. Ndipo pamtunda wina wa miyala ndime yachiwiri inandipeza:

Dzuwa lafika paliwombo,
katundu wandilemera;
simunati nditule pano,
munati, tiye mwana wanga.

"Yatha?" anafunsa mayi Namalomba.

"Yatsala imodzi. Ili ndi mnzanga."

"Ndiye mukutani kuno?"

"Ndipitako mawa."

"Mawa limenelo mwalisenza nthawi yaitali kuposa mpandowo," anatero, napitiriza kuthyola.

Thupi langa linali litalimba kuposa pamene ndinali ndi zaka makumi anayi. Koma ndikagwada kupemphera, mawu ankangofika padenga n'kubwerera. Ndinkadziwa zimene zinalembedwa za munthu wobwera ndi mtulo kuguwa atasiya mlandu ndi mbale wake. Ndinkadziwa, ndipo ndinkasenza mpando n'kupitirira. M'mudzi uliwonse mmene ndinkamva belu la maliro ndinkaima mpaka nditamva dzina la womwalirayo.

Malo omaliza anali nkhalango ya paini, kumene anthu amacheka matabwa ndi manja. Amakumba dzenje, amagoneka chipika pamwamba pake, munthu mmodzi amaima pachipikapo, wina m'dzenje, sowo wamtali ali pakati pawo. Ndinapeza bambo Gausi atakhala pachitsa, sowo atamugoneka pamiyendo. Mnzawo wocheka naye, mlamu wawo Lufeyo, anagweredwa ndi chipika pamwendo, ndipo anali atagona m'msasa miyezi iwiri.

Bambo Gausi anandiyang'ana mapewa, anandiyang'ana manja.

"Tulani, mayi," anatero, "mulowe m'dzenje."

Ndinalowa. Utuchi unkandigwera m'tsitsi ndi m'maso. Ndinkakoka ndi mphamvu zanga zonse, sowo n'kumakakamira.

"Musalimbane nane!" anakuwa ali pamwamba. "Ine ndikakweza, inu lekererani. Inu mukatsitsa, ine ndilekerera. Sowo uyu sadziwa munthu mmodzi. Ngakhale mutakhala ndi mphamvu za ng'ombe, nokha simutulutsa thabwa."

Lufeyo ankatinena ali chigonere pakhomo pa msasa.

"Alamu, mwandisinthanitsa ndi agogo?"

"Agogowa akukuposani, alamu. Inu mwangotsala pakamwa."

"Thabwa lanulo lapindika ngati mchira wa galu."

"Bwerani mudzaliwongole, ngati ndinu mwamuna."

Madzulo aliwonse bambo Gausi ankamugwira m'khwapa kuti aime, ankamupatsa ndodo, iye n'kugwa, n'kutukwana ndodoyo ndi mtengo umene inachokera. M'mawa mwake ankamugwiranso. Ndinaona zimenezi masiku ambiri, ndipo ndinkayang'ana kumbali.

M'mawa wina tili pakati pa chipika ndinamva phokoso kuchokera kumsasa. Du. Kenaka zii. Du. Manja anga anaima okha pasowo. Ndinasuzumira pamlomo pa dzenje. Lufeyo anali chilili, atagwira mpando wanga kumbuyo ndi manja onse awiri. Ankaukweza pang'ono, n'kuuponya patsogolo, n'kukoka mwendo wake wodwala. Thukuta linali chuchuchu.

"Pepani, agogo, ndabwereka katundu wanu," anatero akupuma movutikira. "Ndodo ili ndi mwendo umodzi, imandipereka. Uwu uli ndi inayi."

Du. Chinali chidindo cha Anachisale, ndendende. Zaka zonsezi ndinasenza pamutu panga chinthu chimene chikanawaimiritsa, ndikuchiyesa mdani.

Ndinatuluka m'dzenje, sowo ndinamusiya ali m'chipika.

"Mayi, thabwa silinathe!" anatero bambo Gausi.

"Mlamu wanu akubwera. Mudikireni."

Anayang'ana Lufeyo, anayang'ana ine, kenaka anaseka.

"Tengani mpando wanu. Wakeyu ndimukhomera lero lomwe. Matabwa ndiye sitisowa."

Njira imene ndinayenda zaka inandibweza m'masiku atatu. Sindingakufotokozereni. Mapiri a tiyi ndinawadutsa m'mawa umodzi. Tauni ya makonde ndinaidutsa osacheuka, ngakhale ankandiitana ndi dzina langa, limene ankaliwerenga kumbuyo kwa mpando. Kudambo bambo Zuze anangokweza dzanja lamatope. Pemphero langa linali limodzi lokha, pa phazi lililonse: Mbuye, musawatenge ndisanagogode.

Ndinafika mame asanaume. Kunyumba kwanga sindinapatukire. Pabwalo pa Anachisale panalibe mapazi a anthu ambiri, panalibe masamba ogoneka pamsewu. Anali pakhonde pomwe paja, ataonda kumtunda, miyendo yokha ili yotupa. Mpongozi wawo Edina ankawapukuta kumaso.

"Ndinu yani?" anandifunsa.

"Ndine wa makalata uja."

"Mwachedwa. Matumba apita."

Ndinatula mpando wanga patsogolo pawo, kumbuyo kwake kutayang'ana iwo.

"Edina, uwagwire kukhwapa uko, ine kuno."

"Amayi saimirira," anatero Edina. "Chaka chino chonse timachita kuwanyamula. Akagwa? Anthu adzati tikuwazunza."

"Anamwino anati asamaime?"

"Ayi. Anati tiziwayendetsa. Koma amalira, ndiye timawamvera chisoni."

"Chisoni chimenecho nanenso ndinali nacho, mwana wanga, ndipo chinandifikitsa kutali. Anthu akadzafunsa, udzawauze kuti ndi ine. Gwira."

Tinawakweza. Analira ndithu, anatitchula afiti tonse awiri. Miyendo inkanjenjemera ngati bango m'madzi. Ndinatenga manja awo n'kuwaika pampando wanga, pamwamba pa dzina langa, ndipo zala zawo zinagwira zokha. Pabwalopo panali mtengo wa gwafa, mapazi khumi kuchokera pakhonde.

"Kankhani, Anachisale."

Sanasunthe. Ndinaukweza ndekha pang'ono n'kuugwetsa. Du. Mutu wawo unadzuka. Ndinayamba ndime yoyamba chapansipansi. Pamzere wachiwiri mpando unasuntha, ndipo sindinausunthe ndine. Du. Phazi linakhwekhwereza fumbi. Edina anagwira pakamwa ndi dzanja limodzi, linalo lili m'chiuno mwa apongozi ake.

Ndime yoyamba inatipatsa mapazi anayi. Yachiwiri atatu. Kenaka nyimbo inandithera. Tinaima pakati pa bwalo, gwafa ali apo, khonde lili kutali kumbuyo, mawondo awo akuyamba kupinda. Ndinafufuza m'mutu mwanga monse, m'timabokosi tonse, munalibe kanthu.

Du.

Mawu anatuluka apansi, osasa, ngati chitseko chimene sichinatsegulidwe nthawi yaitali:

Mnzanga akatsala m'mbuyo,
mundibwezere komweko;
pakhomo panu, Mbuye wanga,
salowapo mmodzimmodzi.

Ndinati ndilowe ndi mawu apamwamba, misozi inanditseka mpaka pamzere womaliza. Tinafika pagwafa, tinautembenuza mpando, tinawakhazika. Anapuma nthawi yaitali, akundiyang'ana kuyambira kumapazi ong'ambika mpaka kuutuchi wa m'tsitsi.

"Mwalowa mochedwa, ngati kale lomwe," anatero. Kenaka anati, "Munati mawa."

"Ndinatero."

"Ndiye lero ndi mawalo?"

"Ndi lomweli. Mundikhululukire."

"Mwakalamba," anatero. "Tiyeni tibwerere, ndikufuna tiyi."

Kuyambira pamenepo sindinaphonye m'mawa ngakhale umodzi. Kutchalitchi sitinafikebe. Mwezi woyamba tinkathera pagwafa, kenaka pampanda, tsopano timafika pamjigo, pamene amayi otunga madzi amatipatsa njira n'kumatiseka kuti tikusamutsa katundu. Masiku ena Anachisale amandifunsabe za matumba a kumpoto, ndipo ndimawauza kuti ali m'njira. Maina a malo ena sanabwererebe kwa ine, ndasiya kuwadikira. Felesiya amadandaula kuti tawononga mphatso, pakuti miyendo ya mpando yaperepeseka ndipo dzina langa lafufutika ndi thukuta la manja awo. Mpandowo umagona kwawo tsopano.

Lero m'mawa kunkawaza mvula, ndipo ndinazengereza pang'ono pofuna ambulera. Ndinawapeza atatuluka kale, ali chilili pampanda, manja pampando, duku litanyowa.

"Kodi ndinu mchere?" anatero.

"Ndabwera. Tiyeni."

"Ayi. Pangano linati kugogoda."

"Ndigogode pati? Chitseko mwachisiya kumbuyo."

Ndinapinda chala, ndinagogoda katatu pamlombwa, pakati pa manja awo.

"Lowani," anatero, nakankha mpando.